Mkamwini M'mudzi wa Zamoyo

Mwamuna akapita kuchikamwini, masabata oyambirira amathera m'maina. Mkazi wake amamunong'oneza: akubwera apowo ndi atsibweni, akupeta pakhondewo ndi amayi aang'ono, kamnyamata kakuthamangitsa mbuziko n'ka achemwali. Iye amangovomera, kuwomba m'manja, kupereka moni. Pofika madzulo maina onse asokonekera m'mutu. Komatu ngakhale atawaloweza onse osaphonya n'limodzi lomwe, akadali mlendo. Amayamba kukhala munthu wa pamudzipo tsiku limene wazindikira kuti uyu ndi uyo ndi a bere limodzi, kuti dimba la kutsidya lija salitchula pagulu chifukwa linayambanitsapo mabanja awiri, ndiponso kuti zimene mfumu imagamula pabwalo zimakhala zitaphikidwa kale kuseri ndi ntchembere.

Mnyamata kapena mtsikana amene wasankhidwa kukachita digiri ya bayoloje amalowanso m'mudzi wotere, kungoti wake ndi waukulu moopsa. Muli tizilombo tosaoneka ndi maso, muli bowa, udzudzu, mlambe, chambo, ndi iye mwini. Kuno ku Malawi digiri yotere imatenga zaka zinayi, kaya ku University of Malawi ku Zomba kapena kwina kumene amaphunzitsa sayansi ya zamoyo. Chaka choyamba ndicho cha bayoloje ya zonsezonse, ija yoti sabata ino muli pa selo, mwezi wamawa pa chibadwa, kenako pa ndere ndi nyongolotsi, osakhazikika pamodzi. Buku lotchuka la Campbell, limene mayunivesite ambiri padziko amaphunzitsira, lili ndi masamba oposa 1,000. Ophunzira ambiri amafika ndi luso limene linawapambanitsa pa MSCE, lija loloweza manotsi usiku wonse miyendo ili m'beseni la madzi ozizira. Lusolo si lachabe, koma limangomufikitsa munthu pamene mkamwini amafika sabata yoyamba.

Tiyambe ndi mainawo, poti sapeweka. Dongosolo lopatsa chamoyo chilichonse maina awiri a Chilatini analikhazikitsa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, pa zomera mu 1753 ndipo pa nyama mu 1758. Dzina loyamba ndi la gulu, lachiwiri ndi la mtundu weniweniwo: chimanga ndi Zea mays, mlambe ndi Adansonia digitata, mkungudza wa m'phiri la Mulanje ndi Widdringtonia whytei. Ophunzira amadandaula kuti maina amenewa amalumitsa lilime, ndipo sakunama. Koma taganizani za chambo. Pamsika ndi nsomba imodzi, wogula amangofunsa mtengo. Kwa wofufuza, dzinalo laphimba mitundu ingapo ya gulu la Oreochromis, ndipo umodzi mwa iyo, Oreochromis lidole, wasowa kwambiri m'nyanja moti pali mantha akuti mwina unatheratu. Munthu wongowerenga milu ya chambo sangaone kuti mtundu wina ukuzimiririka, pakuti miluyo ikuonekabe. Wodziwa aliyense ndi dzina lake ndiye amazindikira kuti lero pabwalo auje palibe.

Phunziro lenileni lili pa ubale, ndipo apa ndi pamene mlendo amapunthwa. M'mudzi umatha kuona anthu awiri ofanana nkhope, oyendera limodzi, n'kuwayesa apachibale, pamene winayo ndi mtengwa wochokera kutali, ndipo m'bale weniweni ndi uja wosafanana naye n'komwe. Zamoyo nazo zimapusitsa chomwecho. Bowa amamera m'nthaka, sayenda, ndipo akatswiri akale anamuika pamodzi ndi zomera. Koma bowa sapanga chakudya chake ndi dzuwa, makoma a maselo ake ndi a chitin, chinthu chomwe chimalimbitsanso khungu la chiwala, ndipo DNA yake imasonyeza kuti ali pafupi ndi nyama kusiyana ndi zomera. Ng'ona imaoneka ngati buluzi wamkulu, koma mwa zamoyo zimene zilipo lero abale ake apafupi ndi mbalame. Mbira ya m'matanthwe, imene ungaiyese khoswe wonenepa, ndi ya kumtundu kwa njovu. Mvuu ya mu Shire abale ake ndi anangumi a m'nyanja zamchere.

Ngakhale mizere ikuluikulu ya mtundu imasunthika. Mu 1977 Carl Woese wa ku University of Illinois, poyerekeza RNA ya tizamoyo tosiyanasiyana, anapeza kuti tina timene aliyense ankati ndi mabakiteriya ndi fuko lina palokha, limene lero limatchedwa Archaea. Mabuku analembedwanso. N'chifukwa chake mphunzitsi wa ku yunivesite sakhutira mukangomuuza kuti bowa ali m'gulu lakuti. Amafunsa kuti, "Mwadziwa bwanji?" Funso limeneli ndilo limasiyanitsa Fomu 4 ndi chaka choyamba, ndipo ambiri amene amagwa mayeso a semesita yoyamba amagwera pomwepa, atawerenga ndithu.

Anthu a m'mudzi amakhala pachibale chifukwa anachokera kwa gogo mmodzi. Mfundo imene Charles Darwin anafotokoza m'buku lake la mu 1859, On the Origin of Species, ndi yakuti zamoyo nazonso zili ndi makolo amodzi, ndipo zimasiyana pang'onopang'ono chifukwa ana a kholo limodzi sabadwa ofanana. Amene chibadwa chawo chagwirizana ndi malo ndiwo amapulumuka n'kubereka ambiri. Ophunzira a ku Ulaya ndi ku America amaphunzira zimenezi akuyang'ana zithunzi za nsomba za m'nyanja yathu. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, mazanamazana, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse. Unyinji wake ndi wa banja limodzi la cichlid, lochokera kwa makolo ochepa. Mbuna zimapala ndere pamiyala, utaka umadya tizamoyo toyandama m'madzi, zina zimaphwanya nkhono, zina zimazomola mamba a zinzake, ndipo kaligono amagona pansi chammbali ngati wafa kuti tinsomba tiyandikire, iye n'kutimeza. Kamwa ndi mano n'zosiyana, koma pafupifupi zonsezi zinasunga mwambo umodzi wa pamtundu: mayi amafungatira mazira ndi tiana m'kamwa. Nsomba zimenezi ndizo zinachititsa kwambiri kuti UNESCO iike Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Wina akati zimenezo n'zakalekale, palibe anaziona, mukumbutseni za chloroquine. Kwa zaka zambiri amenewa ndiwo anali mankhwala a malungo. Pakati pa tizilombo ta Plasmodium falciparum panali tochepa timene chibadwa chake chinkapirira mankhwalawo. Tinato tikamafa, iti tinkatsala n'kuswana, mpaka tinadzaza dziko. Mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba SP, ija ambiri amaidziwa kuti Fansidar, ndipo mu 2007 kunabwera LA. Chodabwitsa chinadza pambuyo pake. Patapita zaka pafupifupi khumi chloroquine atachotsedwa, ofufuza ku Blantyre anapeza kuti tizilombo topirira tija tachepa kwambiri ndipo mankhwalawo ayambanso kugwira. Kupirirako kunali katundu wolemera kwa tizilomboto: popanda mankhwala, tizilombo wamba tinkaswana bwino kuposa ito. Musathamangire kukagula chloroquine, mankhwala a malungo amanena ndi achipatala. Mfundo ndi yakuti kusintha konseku kunachitika pamaso pa anthu amene tikudya nawo nsima lero.

Mutu umenewu umasautsa ophunzira ena amene anakulira m'tchalitchi kapena mumzikiti, ndipo si bwino kuwaseka. Chimene kalasi imafuna n'chakuti umboniwo uumvetse, uthe kuufotokoza molondola ndi kuuyesa. Za chikhulupiriro munthu amakambirana ndi mtima wake. Ndipotu amene anatsegula khomo la sayansi ya chibadwa, tikumana naye posachedwapa, anali wansembe.

Kudziwa mtundu wonse n'kwina, kulowa m'nyumba n'kwinanso. Mudzi umamangidwa ndi mabanja, chamoyo chimamangidwa ndi maselo. Robert Hooke ndiye anayamba kuwaona mu 1665, atayang'ana kachidutswa ka khungwa la mtengo pa maikulosikopu, ngakhale kuti anangoona makoma a maselo akufa. M'zaka za m'ma 1670 Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa mumzinda wa Delft yemwe sanapondeko ku yunivesite, anasula yekha magalasi ake n'kuona tizamoyo tikusambira m'dontho la madzi. Panapita zaka zina pafupifupi 200 kuti akatswiri agwirizane kuti selo lililonse limachokera ku selo linzake, mfundo imene Rudolf Virchow anaitchukitsa mu 1855.

Wophunzira amabwereza ulendo wa anthu amenewa m'masana amodzi mu labu. Amam'patsa anyezi, lumo, kagalasi ndi dontho la ayodini. Asende kakhungu kopyapyala, akayale pagalasi, avundikire, ayang'ane. Poyamba saona kanthu, kuli mbuu. Kenako amaona chinthu chobulungira bwino, cha mkombero wakuda, n'kuyamba kuchijambula mokondwa, mpaka wothandiza mu labu adzamuuze kuti limenelo ndi thovu la mpweya. Kuona maso a nkhono n'kudekha: uyambe ndi galasi lokulitsa pang'ono, utembenuze mwakachetechete, ndipo mwadzidzidzi mizere ya maselo imatulukira, lililonse ndi kadontho kake ka nyukiliyasi. Ndiye pali malamulo ojambulira: pensulo yosongoka, mizere yosadukiza, osapaka mthunzi, ndipo ujambule chimene ukuona, osati chimene unaona m'buku. Lamulo lomalizali ndilo lovuta kuposa onse, chifukwa dzanja limafuna kukongoletsa. Kumene zipangizo n'zochepa, ophunzira angapo amagawana maikulosikopu imodzi, ndipo sipalephera wina wongokopera chojambula cha mnzake. Ameneyo ndi mkamwini wotuma mlamu wake kukamulimira munda wa apongozi. Zimadzadziwika pokolola.

M'kati mwa selo ndimo muli nkhani imene imandikomera kuposa zonse za chaka choyamba. Muli timatumba totchedwa mitochondria, mmene shuga wochokera ku nsima amaphwanyidwa mothandizidwa ndi okosijeni kuti patuluke ATP, imene imayendetsa minofu, ubongo ndi chiwalo china chilichonse. Ku sekondale nkhani imathera pomwepo. Ku yunivesite amakuonetsa zachilendo: mitochondria ili ndi DNA yakeyake, yozungulira ngati ya mabakiteriya, imadzigawa yokha, ndipo inakutidwa ndi timakungu tiwiri. Mu 1967 Lynn Margulis, atabwezedwa ndi magazini angapo a sayansi, anasindikiza nkhani yoti mitochondria kale inali mabakiteriya odziimira paokha, amene analowa m'selo lina zaka zoposa 1 biliyoni zapitazo n'kukhazikika momwemo. Ambiri sanamukhulupirire, koma umboni wa DNA unadzamuikira kumbuyo. Ndiye kuti pafupifupi m'selo lililonse la thupi lanu muli mkamwini amene anabwera, nagwira ntchito, nakhalitsa mpaka sangathenso kubwerera kwawo, ndipo eni nyumba nawo sangathenso kukhala popanda iye. Katundu wake wambiri, ndiye kuti majini, anasamukira ku nyukiliyasi. Mwa munthu anangotsala nawo 37. Timatumba tobiriwira ta m'masamba, ma chloroplast, tinalowanso mwa njira yomweyi.

Palinso china chimene Mchewa sangachidabwe. Mitochondria yanu munaitenga kwa amayi anu, iwo kwa amayi awo, mpaka kumbuyoko. Mwana wamwamuna amakhala nayo koma saipatsira ana ake. Ofufuza akafuna kutsata mzere wa kuchikazi wa anthu kubwerera zaka masauzande, amawerenga DNA imeneyi. Mbumba inalembedwa m'selo.

Tsopano za apongozi. Mkamwini aliyense amadziwa kuti sanakwatire apongozi, koma akawanyoza ukwati sulimba. Wophunzira bayoloje apongozi ake ndi kemisitire ndi masamu, ndipo m'chaka choyamba amakhala nazo, pamodzi ndi fizikisi, afune asafune. Ambiri anasankha bayoloje pothawa maphunziro omwewa, ndipo akawaona panjira amapatukira kutchire. Komatu funso wamba ngati lakuti mtengo umalitenga kuti thupi lake silingayankhidwe popanda kemisitire. Jan Baptist van Helmont anabzala kamtengo ka msondodzi mumphika wa dothi loyezedwa pasikelo, n'kumangokathirira madzi kwa zaka zisanu. Mtengowo unawonjezera makilogalamu pafupifupi 74, pamene dothi linangochepa ndi magalamu osakwana 60. Iye anagamula kuti mtengo umapangidwa ndi madzi okha, ndipo zimenezi zinasindikizidwa mu 1648, mwini wake atamwalira kale. Anapeza theka la yankho. Mbali yaikulu ya nkhuni youma imachokera mumpweya, mu carbon dioxide amene masamba amakoka n'kumusandutsa shuga ndi mphamvu ya dzuwa. Thumba la makala limene mukuliona likukwera chitunda panjinga ndi mpweya umene mtengo unasonkhanitsa kwa zaka zambiri. Kuti umvetse mmene zimenezi zimachitikira uyenera kudziwa za ma electron, pH ndi ma enzyme. Apo ayi udzangoloweza mivi ya Calvin cycle ndi Krebs cycle, n'kuiiwala mayeso akangotha.

Masamu nawo amalowera pa nkhani ya cholowa. Gregor Mendel, wansembe uja, ankabzala nsawawa m'dimba la nyumba ya amonke ku Brno. Alimi ankadziwa kuyambira kalekale kuti mwana amatengera makolo; chatsopano chimene Mendel anachita n'kuwerenga. Atakwatitsa nsawawa zosalala ndi zamakwinya, ana onse anatuluka osalala. Anawo atabereka, makwinya anabwereranso: njere 5,474 zosalala ndi 1,850 zamakwinya, pafupifupi zitatu pa imodzi. Manambala amenewa anamuuza kuti chibadwa sichisungunuka n'kusakanikirana. Chimayenda m'timagawo, kamodzi kochokera kwa mayi, kena kwa bambo, ndipo kena kangabisale m'badwo wonse n'kudzatulukira mwa zidzukulu. Anasindikiza zimenezi mu 1866, koma anthu sanalabadire mpaka 1900. Timagawoto ndiwo majini, ndipo kapangidwe ka DNA, mmene majiniwo analembedwa, kanadziwika mu 1953 pa ntchito ya James Watson, Francis Crick, Rosalind Franklin ndi Maurice Wilkins. Koma taonani, 5,474 ndi 1,850 si zitatu pa imodzi ndendende. Kodi kusiyanako n'kongochitika, kapena lamulolo ndi lolakwika? Pali masamu oyankhira funso limeneli, a chi-square, ndipo wothawa masamu uja posakhalitsa amakumana nawo pakhomo pake penipeni.

Zimenezi mlimi amazidziwira m'thumba mwake. Mbewu ya chimanga cha haibulidi ndi ana oyamba a makolo osankhidwa, n'chifukwa chake munda umakhala wofanana msinkhu ndi wobereka bwino. Ukasunga mbewu ya m'munda umenewo n'kubzalanso, wabzala zidzukulu, ndipo zobisala zija zimatuluka: phesi lina lalitali, lina lalifupi, zokolola n'kutsika. Sikuti wogulitsa mbewu anaikamo kanthu ayi. Lamulo lomweli limafika m'chipatala. Matenda a sickle cell amayamba chifukwa cha kusintha kwa chilembo chimodzi chokha cha DNA mu jini ya hemoglobin. Bambo ndi mayi angakhale athanzi onse awiri koma aliyense atanyamula jini imodzi yotere, ndipo pa mimba iliyonse chiopsezo choti mwana abadwe ndi matendawa ndi chimodzi pa zinayi. Pa mimba iliyonse, osati pa ana anayi alionse; banja lina lingabereke odwala awiri motsatizana, lina osabereka n'mmodzi yemwe. Nanga jini yovutitsa chonchi inachulukiranji mu Africa? Anthony Allison anasonyeza mu 1954, atafufuza kum'mawa kwa Africa, kuti wonyamula jini imodzi amatetezeka ku malungo oopsa. Womaliza chaka choyamba ayenera kutha kufotokoza zimenezi pamudzi anthu akayamba kulozana zala kuti mwana walodzedwa, kapena kuti vuto lili kuchikazi.

Kunja kwa nyumba kuli minda, madambo ndi chitsime, ndipo mkamwini wochenjera amaphunzira kuti ukakhudza ichi chimagwedezeka ndi icho. Mbali imeneyi imatchedwa ecology, ndipo ndiyo imatulutsa ophunzira m'kalasi kupita kutchire ndi chingwe choyezera ndi kafelemu ka makona anayi, kukawerenga udzu dzuwa likuswa mtengo. Nandolo amakonza nthaka chifukwa m'timatuza ta mizu yake mumakhala mabakiteriya okoka nayitrojeni mumpweya. Njere ya kaufiti imatha kugona m'nthaka zaka zambiri osamera, mpaka itamva timadzi totuluka m'mizu ya chimanga kapena mapira. Kachilombo ka likodzo kayenera kudutsa mwa nkhono kasanalowe mwa munthu, ndipo ofufuza ku Chembe, ku Cape Maclear, anaona kuti nsomba zodya nkhono zitachepa ndi usodzi wopyola muyeso, nkhono zinachuluka ndipo likodzo linafala. Khoka la msodzi ndi mkodzo wa magazi wa mwana wasukulu n'zolumikizana, koma katswiri wa nsomba yekha, kapena dokotala yekha, sangachione msanga chingwe chake. Amachiona ndi amene anayendako mudzi wonse. Pa chifukwa chimenechi ine ndimaiikira kumbuyo bayoloje ya zonsezonse, ngakhale ophunzira amaidandaula kuti ndi yongolawa apa ndi apo.

Fanizo lathuli lili ndi polekezera, ndipo polekezerapo m'pofunika kupamvetsa. Kumudzi wamkulu akanena, mkamwini amati "zikomo" n'kukhala chete. Paja mawu a akulu amakoma akagonera. Mu sayansi ulemu ulipo, koma mlandu sugamulidwa ndi imvi. Kwa zaka zambiri madokotala ankaphunzitsa kuti zilonda za m'mimba zimayamba ndi nkhawa ndi asidi wochuluka, ndiponso kuti palibe bakiteriya amene angakhale m'chifu cha munthu. Robin Warren ndi Barry Marshall a ku Australia anatsutsa, ndipo mu 1984 Marshall, dokotala wachinyamata pa nthawiyo, anamwa dala madzi odzaza mabakiteriya a Helicobacter pylori n'kudwala. Lero zilonda zambiri zotere zimachizidwa ndi maantibayotiki, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Kwa mwana woleredwa kuti wamkulu satsutsidwa, kukweza dzanja n'kufunsa pulofesa kuti umboni wake uli kuti ndi chinthu cholemera. Ayenera kuchiphunzira ndithu, mwaulemu koma mosagwedera, ndipo mphunzitsi amene amapsa mtima ndi funso lotere akulakwira phunziro lake lomwe.

Luso limeneli limayesedwa m'chaka chomaliza, pamene aliyense amachita kafukufuku wake. Tinene kuti wina akufuna kudziwa ngati masamba a nimu amateteza chimanga kwa anankafumbwe. Agogo ake amatero, ndipo mwina akunena zoona. Koma akangothira masamba m'chigubu chimodzi n'kudzapeza chimanga chosafumbwa, sanatsimikize kanthu, mwina anankafumbwewo sanalowemo n'komwe. Ayenera kukhala ndi zigubu zothira ndi zosathira, zingapo mbali iliyonse, chimanga chofanana kulemera ndi kuuma kwake, anankafumbwe owerengedwa mofanana m'chigubu chilichonse, ndipo alembe zimene wapeza ngakhale zitatsutsa zimene iye ndi agogo ake ankayembekezera. Zigubu zosathira kanthu zija ndizo zasenza mlandu wonse. Amene wamvetsa chifukwa chake sadzapusitsidwanso ndi wogulitsa mankhwala pa depoti, uja wa botolo limodzi lochiza matenda onse.

Pakati pa chaka choyamba ndi chomalizacho njira zimagawikana: ena amatsata zomera, ena nyama, ena tizilombo tosaoneka, ena za chibadwa ndi DNA. Za ntchito tisanamizane. Digiri ya bayoloje simusandutsa munthu dokotala, ndipo achibale amene ayamba kale kumuitana mwana wawo kuti "adokotala" auzidwe msanga. Ilibenso khomo limodzi lodziwikiratu monga ya unamwino. Omaliza amabalalika. Ambiri amakaphunzitsa ku sekondale, ena amapita kumalo ofufuzira zaulimi monga Chitedze ndi Bvumbwe, ku nthambi yoona za nsomba, ku National Herbarium ku Zomba, kumalo osungira nyama monga Liwonde ndi Majete, kapena m'malabu ofufuza za malungo, TB ndi HIV ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Wofuna kudzatsogolera kafukufuku amafunika digiri yachiwiri ndi yachitatu, ndipo kumeneko amasankha anthu poona magiredi ndi umboni woti manja awo anagwirapo ntchito. Maziko a chaka choyamba, aja amatayika munthu akadali kulira kuti sanam'tenge ku udokotala, amavuta kuwabwezeretsa.

Inu amene mwasankhidwa, miyezi imene mukudikira kuti sukulu itsegulidweyi musaithere pa manotsi a bayoloje, amenewo mukuwadziwa kale. Bwerezani kemisitire ya ma mole, ndi masamu a ma logarithm ndi probability, pakuti n'zimene zikakupunthwitseni. Mukafika musaphonye labu ngakhale imodzi, ndipo holide yoyamba mukapemphe kuthandiza pamalo ofufuzira alionse apafupi ndi kwanu, ngakhale ntchito yake itakhala yotsuka mabotolo.